Boti la matanga m'nyengo yachisanu: lisiyidwe pamadzi kapena likwezedwe kumtunda?

Kumadoko a ku Solent, kachigawo ka nyanja kumwera kwa England, Okutobala akafika, chisanu chikuyandikira, eni maboti amasankha: kulisiya boti likuyandama padoko, kapena kulinyamula ndi kireni n'kuliimika pazitsulo.

Mtengo: pamadzi mumalipira malo ndi magetsi a makina ochotsa chinyontho. Kumtunda mumalipira kireni pokweza ndi potsitsa, kuphatikizanso malo oimikapo.

Kuzizira ndiye nkhani yaikulu. Madzi a m'nyanja yamchere amayamba kuundana pafupifupi pa -2°C, ndipo ku Solent nyanja siundana, choncho imafunditsa boti pansi. Kumtunda mphepo imazungulira thupi lonse la boti. Madzi otsalira m'mapaipi akaundana amafufuma ndi 9 peresenti, injini n'kung'ambika. Khuthulani thanki ya madzi, thirani antifreeze, mankhwala oletsa madzi kuundana.

Kukonza: kumtunda mumapala ndere, kupaka penti pansi, kusintha ma anode (tizitsulo toteteza zitsulo za boti kuti zisadyeke), thupi la fibreglass (pulasitiki yolimbitsidwa ndi ulusi wagalasi) n'kuuma bwinobwino. Pamadzi zina mwa izi n'zovuta, zina n'zosatheka, ndipo namondwe akawomba zingwe zimaperepeseka.

Matanga okha avuleni kulikonse, apo ayi achita nguwi.

Pamadzi n'poyenera amene amakhala pafupi, woti azikasuzumira pafupipafupi. Wakutali alikweze basi. Ku Finland, kumene nyanja ya Baltic imaundana m'mphepete, ambiri sachita kufunsa n'komwe, amangolikweza.