Kachitsulo ka pansi pa windo: za ntchito yanga ku Manchester

Abale anga a ku Mzuzu, mukandifunsa ntchito yomwe ndikugwira kuno ku Manchester ndimayankha kuti ndimaveka nyumba majuzi, inu n'kumaseka poganiza kuti ndikubisa. Palibe chomwe ndikubisa. Ndi ntchito ya zomangamanga ndithu, ya pa sikafodi, ndipo lero ndati ndiifotokoze bwinobwino, makamaka kachigawo kake kamodzi komwe kamandiganizitsa za mawindo a nyumba za kwathuko.

Nyumba zambiri zakale za kuno, makamaka zomwe zinamangidwa chaka cha 1920 chisanafike, khoma lake ndi la njerwa zokhazokha, lopanda mpata pakati, monga momwe timamangira khoma la mainchesi 9 kwathu. Nthawi yozizira anthu amayatsa hita, koma kutentha kumathawira panja kudzera m'khoma, bilu ya gasi n'kumangokwera. Ndiye ife timamata mabolodi kunja kwa khoma lonse. Ena ndi a polystyrene, zoyera zopepuka zija zimabwera m'katoni ya TV kapena ya filiji, kungoti athu ndi olimbako ndipo ambiri ndi otuwa. Ena ndi a mineral wool, ubweya wopangidwa kuchokera ku miyala yosungunula, womwe suyaka moto koma umayabwa koopsa ukalowa m'malaya. Bolodi timaimata ndi guluu wa simenti, n'kuboola khoma n'kukhomerera mapulagi apulasitiki. Pamwamba timapaka pulasitala woyamba, kumiza neti mkati mwake, kenako pulasitala womaliza wobwera m'zigubu ali ndi mtundu wake kale. Sapentanso ayi. Pulasitala yenseyo ndi wopyapyala, safika ndi mamilimita 10 omwe, ndipo akauzidwa zimenezi a bilida a ku Chibavi sangakhulupirire.

Zimenezo munthu amaziphunzira msanga. Povuta ndi pa windo.

Windo lililonse lili ndi sill, kakhonde kaja ka pansi pake. Pa nyumba zakalezi sill imakhala ya mwala kapena ya konkire, yotuluka kunja kwa khoma mamilimita ngati 50, kuti mvula yotsika pa galasi igwere kutali. Tsopano inu mwabwera ndi bolodi ya mamilimita 90 kapena 100, kuwonjezerapo guluu ndi pulasitala. Khoma lanenepa, sill ija yamira mkati. Madzi onse a pa windo, m'malo mogwera pansi, akutsikira pamutu pa bolodi, pomwe pali mkumano wa zinthu ziwiri zosiyana. Akangopeza kamng'alu alowa kuseri, ndipo kuseri kwa bolodi kulibe dzuwa kapena mphepo yowaumitsa. N'chifukwa chake sill iyenera kutalikitsidwa.

Njira yomwe timagwiritsa ntchito kwambiri ndi yoveka sill yatsopano ya aluminiyamu pamwamba pa yakale. Imabwera yopindapinda kale kuchokera ku fakitale, yopakidwa utoto wowotchera, ndipo windo lililonse limayezedwa palokha chifukwa nyumba zakale mawindo ake salingana ngakhale akuoneka ofanana. Ilipo ina ya pulasitiki, yotchipa, koma ine sindiikonda: dzuwa likaiwomba zaka zingapo imayamba kupindika, ndipo munthu wotsuka mawindo akangoitsamira ndi makwerero, basi yathetheka. Njira yachitatu, yomwe ndi yabwino kuposa zonse koma yafumbi, ndi kudula sill yakaleyo ndi grinder kuti ilingane ndi khoma, n'kudutsitsa bolodi pamenepo, kenako kuika sill yatsopano pamwamba. Chifukwa chake n'chakuti mwala wakale uja umalowa mpaka mkati mwa khoma. Ukausiya wosafunda, umatenga chisanu cha panja n'kuchilowetsa m'nyumba, ndipo mpweya wofunda wa m'chipinda ukakhudza malo ozizirawo pamachita thukuta, kenako chuku. Mwini nyumba amadabwa kuti khoma lonse lauma koma pansi pa windo pokha pada bii.

Yemwe anandiphunzitsa kuika sill ndi bambo wina wachikulire wa ku Poland. Kwawo ntchito imeneyi anaiyamba kalekale, ndiye pa masaiti ambiri akatswiri ake ndi iwowo ndi anzawo a ku Romania. Bambo ameneyu salankhula zambiri. Amayamba wapukuta sill yakale, n'kuyala guluu mizeremizere yoloza kunja, osati yopingasa, kuti kadontho kalikonse kolowa pansi kapeze njira yotulukira. Akatero amatenga chitsulo chija ndi manja awiri, kuchipendeka pang'ono, n'kulowetsa mlomo wake wakumbuyo pansi pa felemu ya windo. Mlomo umenewo ndi wopindira m'mwamba, kuti mphepo ikamakankha madzi chobwerera asadumphire mkati. Kenako amaika levulo. Koma pano levulo sifuna kuti kathovu kakhale pakati ayi, sill iyenera kupendekera kunja madigiri osachepera 5. Akakhutira amayeza ndi tepi kutsogolo: mlomo wakutsogolo uyenera kutuluka mamilimita 30 mpaka 40 kupitirira pomwe pulasitala womaliza adzathere, osati pomwe bolodi yathera. Anyamata atsopano ambiri amagwa pamenepa, amayeza kuchokera pa bolodi n'kuiwala kuti pulasitala adzadya gawo lina. Mlomo wakutsogolowo ndi wopindira pansi, ndipo ndi umene umadula madzi kuti agwe m'malo mokwawira pansi pa chitsulo kubwerera ku khoma.

Ndiye pali kumapeto kuwiri, kumanja ndi kumanzere. Apa ndi pomwe ntchito yonse imapulumukira kapena kufera. Madzi a pa sill sayenda molunjika kutsogolo kokha, mphepo imawakankhira m'mbali. Choncho kumapeto kulikonse timavekako kachivindikiro kokhala ndi kampanda koimirira, ndipo pulasitala wa m'mbali mwa windo amatsikira pamwamba pa kampandako. Pakati pa chitsulo ndi bolodi timaikapo tepi yakuda yangati siponji, yobwera yofinyidwa pa mkombero. Ukangoimata imayamba kufufuma pang'onopang'ono mpaka kutseka mpata wonse. Tsiku lotentha imafufuma msanga moti umachita kuthamanga nayo.

Mwina mukufunsa kuti bwanji osangothira silikoni n'kupita kwanu. Vuto n'lakuti aluminiyamu amayenda. Kukatentha amatalika, kukazizira amafupika: sill ya mita imodzi imasintha kupitirira milimita imodzi pakati pa usiku wachisanu ndi masana a dzuwa, ndipo yakuda imatentha kuposa yoyera. Mukaimangirira mu pulasitala popanda podzitambasulira, imakankha mpaka pakona pang'ambike. Silikoni yekha amagwira chaka choyamba ndi chachiwiri, kenako amayamba kusiyana ndi khoma, kamng'alu kake kosaoneka uli pansi. Sill yaitali kupitirira mamita atatu timaidula pawiri n'kuikapo cholumikizira pakati pa chifukwa chomwechi. China chomwe bambo uja amakalipira ndi timabowo ta pansi pa felemu ya windo. Mawindo a pulasitiki a kuno ali ndi timabowo totulutsira madzi olowa mu felemu. Ukatitseka ndi sill yatsopano kapena ndi silikoni, madziwo amabwerera n'kukatulukira m'nyumba.

Zotsatira za ntchito yothamangira ndinaziona ndi maso pa nyumba ina yomwe tinatumidwa kukakonza. Inali itavekedwa ndi kampani ina zaka zochepa m'mbuyomo, ndipo uli pa msewu inkaoneka bwino, kupatula mizere iwiri yobiriwira yotsika kuchokera kumapeto a sill iliyonse. Mayi wa m'nyumbamo, gogo woyendera ndodo, anatilowetsa kuchipinda n'kusuntha katani. Pepala lomata kukhoma linali litafutukuka, kuseri kwake kuli chuku chakuda, fungo lake ngati la zovala zoiwalika m'beseni. Panja titadula pulasitala pansi pa windo, mpeni unangolowa wokha. Ubweya uja unali utamwa madzi, ndinaufinya m'manja madzi n'kuchucha mpaka m'chigongono, ndipo njerwa za kuseri zinali zonyowa mpaka pansi. Sill inalipo, yokongola ndithu, koma kumapeto kunalibe tizivindikiro. Anangodula chitsulo, kuchigunditsa ku bolodi, n'kupaka silikoni. Tizivindikiro timeneto mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi ndalama ya sikafodi yokha yomwe inaimikidwanso kuti tikonze.

Si nyumba imodzi yokhayo. Mu Okutobala 2025 ofesi yofufuza za kayendetsedwe ka ndalama za boma kuno, National Audit Office, inatulutsa lipoti lonena kuti nyumba 98 mwa 100 zilizonse zomwe zinavekedwa mabolodi kunja kudzera m'mapologalamu a boma a ECO4 ndi Great British Insulation Scheme zili ndi zolakwika zazikulu zofunika kukonza, apo ayi zigwidwa ndi chinyezi ndi chuku. Inu mumaganiza kuti ntchito yachinyengo ili kwathu kokha. Ife a pa sikafodi sitinadabwe. Malipiro ambiri amawerengera mamita a khoma lomwe lavekedwa, pomwe windo limodzi limadya nthawi yomwe ukanamata mabolodi ambirimbiri. Ndinagwirapo pansi pa kapitawo wina yemwe mawu ake anali amodzi tsiku lonse, akuti tsekani tizipita. Komanso pulasitala ameneyu sapakidwa kukazizira kutsika pa madigiri 5 kapena kukamagwa mvula, ndipo ku Manchester masiku otero ndi ambiri. Tsiku lomwe simunagwire ambiri salipidwa, ndiye kukangoti ngwee pang'ono aliyense amafuna kubweza masiku otayika. Amene mumandifunsa za kubwera kuno muzidziwiretu zimenezi, komanso kuti pa saiti yaikulu salowetsa munthu wopanda kadi ya CSCS, yosonyeza kuti anaphunzira ntchito yake ndi za chitetezo pa saiti, komanso mapepala omulola kugwira ntchito.

Tsopano za kwathu. Wina anandifunsa ngati angaveke mabolodi otere nyumba yake ku Katoto, poti Mzuzu ndi kozizira. Ine ndinamuletsa. Chisanu cha Juni ndi Julayi timachidziwa tonse, koma ife sititenthetsa nyumba yonse ndi hita usana ndi usiku, ndiye palibe kutentha kwambiri koti n'kusunga. Ndalama imeneyo ikani siling'i yabwino ndi mawindo otseka bwino, chifukwa kwathu kuzizira ndi kutentha komwe zimalowera kwambiri ku malata.

Koma nkhani ya sill ikutikhudza, mwinanso kuposa anzathu a ku Lilongwe, poti mvula ya ku Mzuzu imachedwa kusiya ndipo mawawa a nyengo yozizira salola khoma kuuma. Tayendani ku Luwinga, ku Chibanja kapena ku Zolozolo muziyang'ana pansi pa mawindo. Mupeza mizere yakuda yotsika kuchokera pakona iliyonse, penti wotukusira, ndi mafelemu achitsulo odyeka ndi dzimbiri kumunsi. Ambiri timati penti anali wabodza. Nthawi zambiri penti alibe mlandu. Sill zathu a bilida amaziwumba pomaliza ndi matope otsala, zina zathyathyathya, zina zongolingana ndi khoma, ndipo pafupifupi zonse zilibe kamzere kodula madzi kunsi kwake. Kale makhonde ndi denga lotuluka zinkatibisira vutoli. Masiku ano anthu akukonda denga lobisika kuseri kwa kampanda, khoma n'kutsala pamtetete, mvula yonse n'kumathera pa windo.

Kukonza kwake sikufuna aluminiyamu wa ku fakitale. Sill ya konkire kapena ya njerwa ituluke mamilimita 40 mpaka 50 kupitirira pulasitala, ipendekere kunja moonekeratu ndi maso, ndipo ilowe pang'ono m'khoma mbali zonse ziwiri m'malo mothera pakona penipeni. Kumbuyo ikwere mpaka pansi pa felemu, osati felemu kumira m'matope. Kunsi kwake, chala chimodzi kuchokera kumlomo, pakhale kangalande koyenda utali wonse. Ngati mukuthira konkire, gonekani kachingwe kapena kachitsulo kowonda m'thabwa musanathire, n'kudzachotsa pomasula. Ngati ndi ya pulasitala, a bilida alembe mzerewo ndi nsonga ya mpeni matope asanaume, ndipo wopenta asadzaudzaze ndi penti. Amene mukuika mawindo a aluminiyamu omwe afala tsopanowa, onetsetsani kuti timabowo ta pansi pa felemu tatsala totsegula.

Achimwene, inu amene mukundiyang'anira ntchito ku Mchengautuwa, pulasitala akamayamba muwawerengere a bilida ndime yapitayi. Ndikudziwa adzati akhala akumanga zaka zambiri popanda kamzere kameneko, musakangane nawo. Akamaliza windo loyamba, tengani botolo la madzi muthire pa galasi, inu mugwade n'kuyang'ana kunsi kwa sill. Madzi akamadontha kuchokera pa kangalande kaja n'kugwa pansi, apitirize mawindo enawo. Akamakwawira kubwerera ku khoma, abwereze limenelo kaye, ndipo ndalama yotsala ija muisunge mpaka atakonza.