Lendi ikachedwa: kumupatsa nthawi kapena kumulembera notisi?

Wochita lendi akadumphitsa mwezi osalipira, mwini nyumba ali ndi njira ziwiri. Yoyamba ndi kukhala naye pansi n'kugwirizana kuti ngongoleyo azibweza pang'onopang'ono pamwamba pa lendi ya mwezi uliwonse. Yachiwiri ndi kumulembera notisi yoti atuluke, inu n'kufuna munthu wina.

Pa ndalama: kumupatsa nthawi kumachedwetsa ndalama zanu, koma nyumba siikhala yopanda munthu. Kumutulutsa kumaoneka kwachangu, komabe muwerengere miyezi imene nyumba idzakhale yotseka, penti, maloko atsopano ndi kulengeza. Ngongole yakaleyo nthawi zambiri amapita nayo.

Pa chintchito chake: mgwirizano umangofuna pepala losainidwa ndi nonse awiri, losonyeza ndalama ndi masiku olipira. Wapakamwa ndi umene umabala mikangano. Kutulutsa munthu kuli ndi malamulo ake, ndipo kuzula chitseko kapena kumudulira madzi kungakufikitseni inuyo kukhoti, ngakhale wangongole ndi iyeyo.

Pa zotsatira: amene mwamupirira pa mavuto kawirikawiri amasamala nyumba. Wolowa kumene simukumudziwa mtima.

Kupatsa nthawi kumayenera munthu amene wakhala akulipira bwino, vuto lake n'looneka, monga kutha kwa ntchito kapena matenda, ndipo anabwera yekha kudzakuuzani musanamufunse. Notisi ndi ya uja wozimitsa foni tsiku lolipira, wolonjeza n'kuphwanyanso lonjezo. Ngati nyumbayo munamangira ngongole ya kubanki, lembani m'mgwirizanomo miyezi imene mungathe kudikira, isapitirire pamenepo.