Kontrakiti yatha: timu yaikulu, timu ya yunifolomu, kapena kudutsa pa Mwami?

Ligi ikangotha, mafoni a anyamata amene anasewera bwino sapuma. Kuno ku Kasungu tinaziona pamene TN Stars inali mu TNM Super League: mnyamata akawala pa Kasungu Stadium, chaka chotsatira ankaoneka mu jezi ina. Wosewera amene kontrakiti yake yatha ali ndi ufulu wopita komwe akufuna, ndipo malamulo a FIFA amamulola kusainirana ndi timu ina kukatsala miyezi 6 kuti kontrakitiyo ithe. Koma apite kuti?

Mtima wa aliyense umathamangira ku matimu akuluakulu: Maule (Bullets) ndi Manoma (Wanderers) ku Blantyre, kapena Silver Strikers ya Reserve Bank of Malawi ku Lilongwe. Ndalama yosainira imakhala yokomerako, malipiro ndi bonasi ya gemu zimaposa za matimu a m'maboma, ndipo aphunzitsi a Flames ndi maajenti amayang'ana kwambiri kumeneko. Bullets inatenga ligi kasanu motsatizana kuyambira 2018 mpaka 2023, Silver n'kuitenga mu 2024. Koma timu yozolowera zikho siidikira kuti mwana aphunzire. Pamalo ako pali kale anthu awiri kapena atatu, ena a timu ya dziko. Wosaina zaka zitatu n'kukhala pa benchi wadzitsekera yekha: kusewera sakusewera, kuchoka sangachoke popanda timu ina kumugula, ndipo chabwino chimene angapeze ndi kutumizidwa pa ngongole ku timu yonga yomwe anachokera. Ndimamva chisoni ndi anyamata a zaka 19 kapena 20 amene amazimiririka chonchi. Mpira suwakana, koma sakhudza bwalo pa msinkhu umene mwendo ukufunika kusewera sabata iliyonse.

Matimu a yunifolomu ndi nkhani ina. Blue Eagles ndi ya apolisi, pamene Kamuzu Barracks, Moyale Barracks, MAFCO ndi Red Lions ndi a asilikali. Chokoka pano si ndalama yosainira koma ntchito ya boma, malipiro a mwezi ndi mwezi ndi penshoni. Bondo likathyoka, wa ku timu ina amabwerera kumudzi kukalima fodya ndi mtedza, pamene msilikali amakhalabe pa ntchito. Mpirawonso si wogona, poti Kamuzu Barracks inatenga ligi mu 2016. Chofunika kufunsitsa n'chakuti: akukutengani ngati wosewera wamba kapena mudzalembedwadi ntchito? Lonjezo la pakamwa lakuti "tidzakuika pa mndandanda wopita ku maphunziro" si ntchito. Komanso ukavala yunifolomu, kuchoka kukasewera kwina kumafuna chilolezo cha mabwana.

Kunja ndiko kuli ndalama zoposa, ndipo chitsanzo chili pakamwa pa aliyense ndi Gabadinho Mhango, amene anachoka ku Bullets mu 2013 kupita ku Bloemfontein Celtic ya ku South Africa, n'kudzafika ku Orlando Pirates komwe anamwetsa zigoli 16 mu ligi ya 2019/20. Taonani kuti iye anapita atadziwika kale kwathu kuno. Enanso, monga John Banda ndi Richard Mbulu, anakasewera ku Mozambique atayamba aonetsa luso mu ligi yathu. Izi n'zosiyana ndi kukwera minibasi ya ku Mchinji, kudutsa pa chipata cha malire cha Mwami kulowera ku Chipata m'dziko la Zambia chifukwa munthu wina wa pa WhatsApp wati kuli "matrayo". Popanda chikalata cha ITC (chololeza wosewera kusamukira ku timu ya kunja) chochokera ku FAM, bungwe loyendetsa mpira m'dziko muno, simungalembetsedwe m'dziko lina, ndipo FIFA imaletsa kusamutsira kunja wosakwana zaka 18 kupatula pa zifukwa zochepa. Ajenti wofuna kuti makolo agulitse ng'ombe kuti alipire ulendo wa mwana, mukaneni.

Pepala la kontrakiti, kulikonse kumene mwasankha, liwerengedwe ndi munthu wodziwa ndipo kope limodzi likhale lanu. Pakhale polembedwa tsiku lolandira ndalama yosainira, ndi amene adzalipire chipatala mukavulala. Lamulo la FIFA limati timu ikalephera kukulipirani miyezi iwiri, mukaichenjeza polemba kalata n'kuipatsa masiku 15, mutha kuthetsa kontrakiti, koma wopanda pepala m'manja adzayambira pati?

Kwa wa zaka 25 kupita m'tsogolo, wa banja ndi ana a sukulu, ine ndingasankhe yunifolomu ngati ntchitoyo ndi yeniyeni. Kwa wamng'ono, ndingakane zaka zitatu za timu yaikulu pokhapokha mphunzitsi mwini atamuuza malo amene akumufunira. Kupanda apo asaine chaka chimodzi pa timu yomwe akuyamba masewera sabata iliyonse, ngakhale ndalama zake zichepe, adzakambirane ndi Maule ali ndi magemu 30 ena m'miyendo.