Miyezi 15 ndi pikapu yonyamulira agalu ku Yorkshire

Nyengo yowombera mbalame za pheasant kuno ku England imatha pa 1 Febuluwale, ndiye dzulo ndatsuka pikapu yanga mofatsa koyamba chiyambire Okutobala. Munatuluka ubweya wa agalu, nthenga, ndi matope ouma okwana kuumba njerwa. Yakwanitsa miyezi 15 ili m'manja mwanga, nyengo ziwiri za uzimba, choncho tsopano ndikhoza kuwayankha anzanga amene amandifunsa ngati ndinachita bwino kugulitsa kagalimoto kanga kaja n'kutenga chimkoko chimenechi.

M'kati mwa sabata ndimagwira ntchito m'tauni. Loweruka ndimapita pa esiteti ina ku North Yorkshire kukatolera mbalame zimene alenje awombera. Ndimaima kumbuyo kwawo ndi agalu awiri, Fumbi wa mtundu wa Labrador ndi Mphenzi wa mtundu wa springer spaniel, ndipo mbalame ikagwera m'tchire kapena kutsidya kwa mtsinje, ntchito ndi yawo. Si uzimba umene ndinakulira nawo ku Dedza, wa zibonga ndi agalu oonda othamangitsa kalulu lupsa likuyaka kumbuyo. Kuno chilichonse chili ndi tsiku lake: nkhwali kuyambira 1 Seputembala, pheasant 1 Okutobala, Lamulungu osayerekeza n'komwe. Koma galu wonyowa amanunkha chimodzimodzi, kaya ndi ku Linthipe kaya ndi kuno.

Ndinagula yoti inayendapo kale, double cab ya dizilo ya 2018, yokhala ndi canopy, denga lolimba lotsekera kumbuyo. Pabwalo la esiteti pamaima ma Hilux, D-Max, Ranger, L200 ndi ma Land Rover okalamba, ndipo zimene ndikunenazi zikukhudza kapangidwe ka pikapu iliyonse yotere, osati yangayi yokha.

Pogula, m'mutu mwanga munali matope okhaokha. Ndinkadziona nditatitimira m'dambo azungu akundiseka. Zoona zake n'zakuti pa miyezi yonseyi ndatitimira kamodzi, sabata yachiwiri, pa msipu wonyowa wotsetsereka pang'ono, ndipo olakwa anali matayala a pa tara amene ndinaigula nawo. Nditaika a all-terrain nkhani inathera pomwepo. Misewu yambiri ya m'esiteti ndi yothiridwa miyala, 4H, giya yokoka ndi matayala onse anayi pa liwiro wamba, imakwana. Giya ya 4L, yamphamvu koma yoyenda pang'onopang'ono, ndailowetsa mwina kasanu. Pali mdala wina amene amabwera ndi Subaru yake yotsika ija, ndipo kulikonse kumene ine ndafika, ndimamupeza atafika kale akuthira tiyi.

Chimene sindinachiganizire n'komwe ndi agalu eni akewo.

Poyamba ndi msinkhu. Chitseko cha kumbuyo chikatsegulidwa chimandifika m'chiuno, ndiye ine mwa nzeru zanga ndinaikamo madirowa osungira katundu, bokosi la agalu n'kulisanjika pamwamba pake. Zinkaoneka bwino pachithunzi. M'mawa agalu amalumphira m'mwamba osaganiza kawiri. Koma madzulo, atasambira m'madzi ozizira ndi kuboola minga tsiku lonse, Fumbi amene ali ndi zaka 8 amangoima pansi, n'kundiyang'ana ngati ndamulakwira. Kunyamula Labrador wa makilogalamu 30 wodontha madzi, msana wanu utatopa kale, si masewera. Kutsika n'koopsa kuposa kukwera, chifukwa thupi lonse limagwera pa miyendo ya kutsogolo, ndipo dokotala wa ziweto anandichenjeza za mapewa ndi zigongono zake. Ndinagula thabwa lopinda lokwerera. Limathandiza, koma nalonso limafuna malo, ndipo Mphenzi amalikana mpaka lero, amalidumpha ngati mlatho wa adani.

Chachiwiri, chimene chinandipweteka mtima kwambiri, ndi kuzizira. Hita ya galimoto sifika kumbuyo. Mu Disembala kuno mdima umagwa cha m'ma 4 koloko, ndipo ulendo wobwerera kunyumba ndi mphindi 50. Tsiku lina nditafika ndinapeza Mphenzi akunjenjemera, mano akugundana, denga la canopy likudontha nthunzi ya mpweya wawo. Ine kutsogolo ndinali nditavula jekete. Ndinachita manyazi. Kuyambira pamenepo ndimawapukuta kaye ndi thaulo, kuwaveka majasi oumitsa aja, n'kuyala choyala chokhuthala chimene chimalola madzi kutsikira pansi. M'chilimwe vuto limatembenuka: kumbuyoko kumasanduka uvuni, ndipo ndinachita kuboolesa denga n'kuikapo kotulutsira mpweya. Fumbi la m'misewu youma nalo limalowera m'mphepete mwa chitseko, moti galu wanga dzina linamuyenera.

Musaganize kuti palibe chabwino. Mpanda umene uli pakati pa anthu ndi agalu ndi dalitso. Mbalame zakufa, magazi, jombo, majasi onyowa, zonse zimathera kumbuyo, ndipo paipi ya madzi imamaliza ntchito m'mphindi khumi. Galimoto yakale ija mayi a kunyumba anafika poikana kukwera popita ku tchalitchi, ati zovala zimafika zikununkha galu. Iyi amakwera osadandaula. Bokosi lomangidwa bwino limakwaniritsanso lamulo 57 la Highway Code, loti galu asamangoyendayenda m'galimoto.

Mfuti sindiika kumbuyo. Loko wa canopy mwana akhoza kumuthyola ndi sikuludiraiva. Masiku ochepa amene ndimanyamula mfuti yanga, monga tsiku la kumapeto kwa Januwale limene ife othandiza timapatsidwa mpata wowombera, imagona pansi pa mpando wa kumbuyo m'chikwama chake, itafundidwa, zipolopolo zili kwina. Tikaima kuti tidye, ndimachotsa kathabwa ka pansi pa mpope n'kukaika m'thumba, monga apolisi amalangizira aliyense wokhala ndi chiphaso. Apa double cab inandikomera: mipando inayi, anthu awiri, malo otsala n'ngouma komanso okhomeka.

Pa tara ndiye pamafunika ulemu. Kumbuyo kukakhala kopanda katundu kumapepuka, ndipo pa raundabauti yonyowa kunandivinira kamodzi mpaka mtima unafika kukhosi. Tsopano m'nyengo yozizira ndimasiyamo matumba awiri a mchenga. Chinanso chimene wogulitsa sakuuzani: pikapu ikaposa makilogalamu 2,040 isananyamule kanthu, imatsata liwiro la ma vani, mamailosi 50 pa ola pa msewu wamba ndi 60 pa msewu wogawidwa pakati, pomwe anzanu akuyenda 60 ndi 70. Yang'anani kulemera kwake musanapereke ndalama. Za koimika pa sitolo sindinena zambiri, mchira umatsalira kunja nthawi zonse.

Mu Malichi inayaka nyali yochenjeza ya DPF, sefa yogwira mwaye wa utsi wa dizilo. Mlandu unali wanga: uzimba utatha ndinkangoyenda mamailosi 4 kupita kuntchito, injini osatentha mokwanira kuti iwotche mwaye. Makanika anandiuza kuti ndiziitulutsa pa msewu waukulu kamodzi pa sabata, ndipo siinayakenso. Mchere umene amathira m'misewu nthawi ya chisanu ndi mdani wina. Pa MOT, kuyeza galimoto kwa chaka ndi chaka, anandilembera za dzimbiri loyamba pa chasisi, ndiye ndinapakitsa mafuta oteteza ndipo ndimatsuka kunsi mwezi uliwonse. Dizilo imamwa pafupifupi kawiri poyerekeza ndi kagalimoto kaja, ndipo ndalama imene amatipatsa pa tsiku la uzimba theka lake limathera pa pampu.

Kodi ndingaigulenso? Ndikanakhala ndi ngolo yokoka kapena ntchito ya pafamu, inde, mosakayika. Kwa munthu wa agalu awiri ndi Loweruka limodzi pa sabata, mdala wa Subaru uja anandiposa nzeru: agalu ake amakwera okha, amamva hita, ndipo amafika kunyumba atauma. Pakadali pano sindigulitsa. Madirowa aja ndawachotsa sabata yatha, bokosi latsika ndi masentimita 25, ndipo ndiona ngati Fumbi adzakwere yekha madzulo a pa 12 Ogasiti, tsiku lotsegulira mbalame za grouse kumapiri.