Ndemanga pa chithandizo cha omwerekera ndi mankhwala a kuchipatala ku Kasungu

Pa chipatala china m'boma lino la Kasungu pali kachipinda koonerako odwala matenda a maganizo, ndipo anthu ambiri sadziwa kuti komweko amathandizanso munthu amene wamwerekera ndi mankhwala olembedwa ndi dokotala. Ine ndinakadziwa poperekeza mnzanga woyendetsa kabaza, yemwe anathyoka mwendo pa msewu wa M1 chakufupi ndi Chinkhoma, n'kupatsidwa tramadol woletsa ululu. Mwendo unapola, koma mapiritsi sanawasiye, mpaka ndalama zonse za kabaza zinayamba kuthera kwa ogulitsa mwamseri.

Chimene ndikuyamikira kwambiri n'chakuti adokotala sanamukalipire. Anangomufunsa kuti, "Achimwene, mumamwa angati pa tsiku? Nenani zoona, kuno si kupolisi." Kenako anatifotokozera kuti tramadol ali m'gulu limodzi ndi morphine, mankhwala amphamvu oletsa ululu, kotero kuti thupi likamuzolowera, kumusiya mwadzidzidzi kumabweretsa thukuta, kunjenjemera, kutsegula m'mimba, kuphwanya m'thupi ndi kusowa tulo, pomwe kumwa wambiri kumatha kugwetsa munthu ngati wa khunyu, ndipo akaphatikiza ndi mowa kapena mankhwala ogonetsa a diazepam mpweya umatha kubanika. Achibale ambiri amathamangira kutaya mapiritsi m'chimbudzi, koma adokotalawo analemba m'buku la kuchipatala la mnzangayo ndondomeko yochepetsa mlingo pang'onopang'ono, ndipo mapiritsiwo anapatsa ine ngati gadiyani kuti ndizimupatsa a tsiku lokhalo. Ntchito imeneyi si yophweka, chifukwa mnzako akagogoda usiku, malaya atanyowa ndi thukuta, akupempha limodzi lokha, umafunika kuuma mtima popanda kumunyoza. Pamene mnzangayo anabwereranso kukagula mwamseri, adokotala sanamuthamangitse. Anakonzanso ndondomeko ija n'kufunsa chimene chinamuvuta sabata imeneyo.

Zodandaulitsa zilipo. Benchi yodikirira ili pakhonde loonekera, ndipo odutsa amalozerana kuti uko n'kwa amisala, moti mnzangayo ankakhala atatsitsa chisoti kumaso. Munthu wamanyazi akhoza kubwerera pomwepo. Komanso ogwira ntchito ndi ochepa, kotero uphungu umathamangitsidwa mzere ukatalika. Wofunika kugonekedwa ayenera kuganizira za zipatala za St John of God ku Mzuzu kapena ku Lilongwe, mwinanso chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba, ndipo thiransipoti yochokera ku Kasungu si nkhani yaing'ono kwa banja lodalira fodya ndi chimanga.

Chipatala sichingatseke timagolosale togulitsa tramadol popanda chikalata cha dokotala. Imeneyo ndi ntchito ya bungwe loyang'anira mankhwala la PMRA ndi apolisi. Koma pa mbali yake chithandizochi ndachiona kuti n'chodalirika, ndipo amene akuperekeza mnzake alawirire m'mamawa, atenge buku la kuchipatala pamodzi ndi mapaketi onse a mankhwala amene wodwalayo wakhala akumwa.