Ma insert a mkuwa a 100 grain, ndawagwiritsa ntchito miyezi 7, ndikupereka nyenyezi 4 pa 5

Ndinagula paketi ya ma insert 12 a mkuwa a 100 grain (grain ndi muyeso wa kulemera), aja omata mkati mwa shafti (thupi la muvi) ya kaboni kutsogolo kwake kuti muvi ulemere kumutu. Ndimagwira ntchito pa famu ya nyama kuno ku Limpopo ndipo uta wanga ndi recurve (uja wa nsonga zopindikira kutsogolo) wa mphamvu ya mapaundi 50, wopanda sight yothandiza kuloza, ndimakoka ndi zala mainchi 28. Ndadikira dala miyezi 7 ndisanalembe chifukwa sabata yoyamba ndikanalemba zokwiya zokhazokha, ndipo ndikanawalakwira.

Mivi yanga yakale inali ya spine 500 (spine ndi kulimba kwa shafti, nambala ikachepa ndiye kuti shafti ndi yolimba kwambiri), mainchi 30, ka insert ka aluminiyamu ka 15 grain ndi mutu wa 125. Muvi wonse pa sikelo umakwana 415 grain. Umathamanga bwino ndithu koma uta umalira kwambiri ukaponya, phokoso lija loti thwaa, ndipo nswala zakuno sizidikira, imamva nsinga yokha n'kubwanthuka muvi usanafike. Komanso ndinaonapo muvi wopepuka wa mlendo wina utaima paphewa la njiri osalowa, nyama n'kuthawa ili ndi bala, tinaifunafuna mpakana mdima. Zimenezo zinandipweteka mtima, ndiye ndinati bola ndiyese kulemeretsa kutsogolo.

Katundu atafika ndinayamba ndi kuyeza kamodzikamodzi. 10 anali pakati pa 99 ndi 101, wina 103, wina 98, zomwe kwa ife oponya pafupi sizivuta. Kukula kwake ndi kwa mashafti wamba aja a bowo la mainchi .246 ndipo amalowa bwino osagwedera. Mmodzi yekha mazinga ake anali okhakhala moti mutu umakana kulowa mpaka kumapeto, ameneyo ndinangomuika pambali. M'paketi munalibe kapepala kalikonse, olo mzere umodzi wokuchenjeza za spine, ndipo nyenyezi yachisanu yathawira pamenepo.

Chifukwa chake nachi. Nditamata ma insert aja pa mashafti anga a 500 omwe aja, muvi unafika 500 grain ndipo FOC, muyeso wa mmene muvi walemerera kutsogolo, inachoka pa 15 kufika cha m'ma 21 pa 100. Kwa amene simunayezepo, FOC ndi yosavuta, muike muvi pa mpeni kapena pa chala mpaka ukhazikike, muyeze kuti malo okhazikikawo apitirira pakati pa muvi ndi mainchi angati, mugawe ndi kutalika kwa muvi, kenako muchulukitse ndi 100. Manambala anali okoma koma kuponya kwake ayi ndithu. Mivi imapita ikugwedeza mchira, ina kumalasa chandamale chopingasa. Nditachotsa nthenga pa muvi umodzi n'kuponya pa mamita 15, unakagwera kumanja kwenikweni mchira utaloza kumanzere, ndipo kwa munthu wokoka ndi dzanja lamanja ngati ine zimenezo zimatanthauza kuti shafti yafooka. Nsinga ikamakankha kumbuyo kutsogolo kuli chinthu cholemera chokana kusuntha, shafti imapindika kwambiri kuposa kale, basi nkhani yake ndi imeneyo. Insert inalibe mlandu, koma ogulitsa amadziwa kuti ambiri ogula ndi oyamba kumene, bwanji osalemba?

Njira zilipo ziwiri, kudula shafti pang'onopang'ono kuti ilimbe kapena kugula yolimba kale. Ine podula panalibe chifukwa ndimafuna mutu wakuthwa uzikhala patali ndi zala, ndiye ndinagula mashafti a 400. Poti ndinali nditalowa kale m'madzi ndinawonjezeranso mutu wa 200 grain wa mipeni iwiri, wonoledwa mbali imodzi. Pano kutsogolo kuli 300, muvi wonse ndi pafupifupi 600 grain, FOC ili pa 24. Muvi wopanda nthenga ndi wa nthenga ikugwera pamodzi pa mamita 18, ndipo tsiku lomwe ndinaona zimenezo ndinaponya mpakana zala kuchita dzanzi chifukwa cha kukoma kwake.

Kusintha koyamba kumva ndi phokoso. Uta unangoti zii, kumangomveka ka thu kapansipansi, dzanja logwira uta silikunjenjemeranso ngati kale chifukwa mphamvu yambiri ikupita mu muvi m'malo motsalira mu uta. Kukakhala mphepo ya madzulo ija muvi sukusokera kwambiri, ndipo olo nthawi ina zala zisatuluke bwino pa nsinga umadziwongola msanga. Pa chandamale cha thovu ukulowa mozama mpaka kumavuta kuzula.

Pozula pomwepo ndi pamene ndinaphunzira za guluu. Poyamba ndinamata ndi guluu wotenthetsa uja kuti ndizitha kuchotsa poyesa, ndiye ma insert awiri anatsalira mkati mwa chandamale limodzi ndi mitu yake. Mkuwa ndi wosalala ndipo mkati mwa shafti mumakhala fumbi la kaboni. Tsopano ndimakwecha insert ndi sandipepa, kupukuta mkati mwa shafti ndi kathonje konyika mu acetone mpaka katuluke koyera, kenako epoxy wouma maola 24, osati wa mphindi 5 uja. Chiyambire palibe yomwe yazuka. Ndipo chonde musayandikitse moto pa kaboni penipeni, imaonongeka mkati inu osaona, tsiku lina idzakuthyokerani padzanja.

Mu July abwana anandilola kulasa njiri imodzi ya ndiwo. Inabwera pa madzi cha m'ma 4 koloko, mamita 14, inaima chammbali. Muvi unathyola nthiti polowa n'kutulukira mbali inayo mpaka kukazika m'dothi, njiri inathamanga pang'ono n'kugwa ndikuiona. Nyama imodzi si umboni wa zonse ayi, koma ndinasenda ndekha ndipo ndinaona mmene fupa linang'ambikira, shafti osasweka kumutu, insert ili nji pamalo pake.

Amene amakonda kuwerenga amudziwa Dr Ed Ashby, yemwe anayamba kafukufuku wake wa kalowedwe ka mivi ku Natal konkuno ku South Africa m'ma 1980. Iye amati FOC ikafika 19 kupita m'mwamba muvi umalowa kwambiri, ndipo pofuna kuswa fupa lalikulu muvi uzilemera 650 grain kapena kuposa. Wanga sunafike pamenepo ndiye pa nyumbu sindinayerekeze. Chimene chimandisangalatsa n'choti mivi ya agogo anga kumudzi inali chimodzimodzi, bango lopepuka ndi mutu wachitsulo chosula, ukaika pa chala imagwera kutsogolo. Analibe sikelo koma ankadziwa kuti muvi umatsogoleredwa ndi mutu.

Kuipa kwake kulipo ndipo musanamizidwe. Muvi wa 600 ndi waulesi poyerekeza ndi wa 415. Mpaka mamita 18 kusiyana n'kochepa, koma kupitirira 25 umatsika mofulumira moti ukalakwitsa mtunda ndi masitepe atatu okha walasa pansi pa mimba. Ine zinanditengera pafupifupi mwezi kuti maso ndi dzanja zizolowere njira yatsopano ya muvi, kuponya tsiku lililonse ndikaweruka. Ngati inu mumangoponya pa chandamale patali kapena mipikisano ya 3D yolasa zidole za nyama, 100 grain ikuchulukirani, tengani ya 50. Koma ngati mumasaka ndi recurve kapena longbow (uta wautali) pafupi ngati ine, gulani, kungoti m'bajeti muikemo ndalama ya mashafti olimbirako ndi epoxy, ndipo muvi umodzi muusiye opanda nthenga woyesera.

Paketi yachiwiri ndaitanitsa kale. Ndawalemberanso ogulitsa kuwapempha kuti aziikamo kapepala kochenjeza za spine, akadzatero ndidzabwera kudzawonjezera nyenyezi yotsalayo.