Anki, Duolingo kapena BBC Learning English: njira imene imasungadi mawu a Chingerezi m'mutu

Anzanga amene akufuna kuwonjezera mawu a Chingerezi akhala akundifunsa mobwerezabwereza kuti ndi njira iti imene ndingawalimbikitse, choncho ndaona kuti ndi bwino ndiwayankhe onse pamodzi. Ndiyamba ndi pulogalamu imene inandipweteka mtima, ngakhale kuti dzina lake sinditchula.

Pulogalamuyo inkalonjeza masiku 7 aulere, koma inafuna kuti ndilembe kaye nambala ya khadi la ku banki. Ndinalemba, poganiza kuti masikuwo akatha adzandifunsa ngati ndikufuna kupitiriza, koma sanandifunse. Tsiku lotsatira ndinangolandira uthenga wonena kuti ndalama za chaka chathunthu zadulidwa, ndipo nditabwerera kukafufuza ndinapeza kuti zimenezi zinalembedwa m'timalemba tating'onoting'ono pansi pa batani lalikulu limene ndinadina mothamanga. Poderera ndalamazo, ndinaumirira kuigwiritsa ntchito kwa miyezi 4, ndikuloweza mawu 10 patsiku, liwu lililonse palokha ndi chithunzi chake. Ndinkadziwa bwino kuti "look" ndi kuyang'ana, koma tsiku lina munthu atandiuza kuti "please look after my bag" sindinamve kuti akundipempha kumusungira chikwama. Pulogalamuyo inali isanandiphunzitse kuti "look after" ndi kusamalira, "look for" ndi kufunafuna, ndipo "look forward to" ndi kuyembekezera mwachidwi. Kuyambira tsiku limenelo, njira iliyonse ndimaiyesa ndi funso limodzi: kodi imaphunzitsa liwu pamodzi ndi mawu amene limayenda nawo?

Duolingo, pulogalamu yophunzitsa zinenero imene Luis von Ahn ndi Severin Hacker anaitsegulira anthu onse mu 2012, ili ndi luso lomuzoloweretsa munthu kuphunzira tsiku lililonse, ndipo imagwiritsa ntchito ziganizo, osati mawu apaokha. Kwa munthu wongoyamba kumene ndi yabwino. Komabe ilibe maphunziro a Chingerezi ofotokozedwa m'Chichewa, ndipo ziganizo zake amachita kukusankhirani, moti simungaikemo mawu amene anakuvutani pa msonkhano dzulo. Ndimaonanso kuti kawerengedwe kake ka masiku otsatizana kamachititsa ena kusamala kwambiri za nambalayo kuposa Chingerezi chenichenicho.

Anki ndiyo ndimaikonda, ndipo sindibisa. Damien Elmes anaitulutsa mu 2006, ndipo dzina lake ndi liwu la Chijapani lotanthauza kuloweza. Maziko ake ndi akale ndithu: mu 1885, Hermann Ebbinghaus wa ku Germany anasonyeza kuti zimene munthu waloweza zimaiwalika mofulumira kwambiri poyambirira, kenako pang'onopang'ono, ndipo kubwereza kumachepetsa kuiwalako. Anki imakuonetsani khadi la pa foni kapena pa kompyuta, lokhala ndi funso kutsogolo ndi yankho kuseri, inu mumayesa kukumbukira yankho musanalione, kenako mumanena nokha ngati linali lovuta kapena losavuta. Khadi limene mwalephera limabweranso posachedwa, pamene limene mwakhoza limatalikira, poyamba masiku ochepa, kenako masabata, mpaka miyezi. Motero nthawi yanu imathera pa mawu amene atsala pang'ono kukuthawani.

Mphamvu yake yeniyeni ili pakuti makadiwo mumalemba nokha. Limodzi mwa makadi anga lili ndi chiganizo chakuti "I need to ___ a decision", ndipo kuseri kwake kuli "make". Wolankhula Chichewa amakopeka kunena "do" pamenepa, chifukwa mawu awiriwa amaoneka ngati ndi amodzi, ndipo palibe lamulo lachidule limene lingamuthandize koposa kukumana ndi chiganizocho kambirimbiri. Khadi lotere limandikumbutsanso pamene ndinamva chiganizocho koyamba, ndipo zimenezi zimachimata m'mutu.

Zofooka zake zilipo. Maonekedwe ake ndi osakopa, ndipo masiku oyambirira munthu amasokonezeka. Mukaisiya kwa sabata imodzi, makadi amaunjikana n'kukufooketsani, choncho ndi bwino kuwonjezera atsopano ochepa patsiku. Makadi okonzedwa ndi anthu ena amapezeka ambiri, koma ine sindiwalimbikitsa. Pa kompyuta ndi pa mafoni a Android ndi yaulere, pa iPhone mumalipira kamodzi kokha, ndipo kubwereza makadi sikufuna intaneti.

BBC Learning English inayamba ngati maphunziro a pa wailesi mu 1943, ndipo ndi yaulere. Pulogalamu yake ya 6 Minute English imakupatsani anthu awiri akucheza momveka bwino, pamodzi ndi zolemba za zonse zimene anena, moti khutu limazolowera katchulidwe ndi liwiro la chinenerocho. Koma siidzabweranso kudzakufunsani zimene munamva, ndipo mawu amene simunawalembe penapake amapita. Ine ndimaitenga ngati chitsime chotungako ziganizo zoika mu Anki, osati ngati njira yokwanira payokha.

Pa za mtanthauziramawu, Oxford Advanced Learner's Dictionary ndi wokwanira, chifukwa amapereka zitsanzo za ziganizo, ndipo mndandanda wa Oxford 3000 umakuthandizani kudziwa mawu oyenera kuyamba nawo.

Kwa amene sadziwa chilichonse, Duolingo ikhoza kumutsegulira khomo. Amene amatha kale kuwerenga koma mawu amamuthawa akafuna kulankhula, amvetsere BBC, atole ziganizo zitatu kapena zinayi patsiku, n'kuziika mu Anki. Ndipo amene akufunabe kuyesa pulogalamu yolipira imene ikupempha nambala ya khadi la ku banki isanamuphunzitse liwu ngakhale limodzi, awerenge kaye timalemba ta pansi pa batani, ndipo alembe penapake tsiku limene masiku aulerewo akuthera.